Wolankhulira Mizukwa

Dzina lawo lenileni limadziwika ndi a ku ofesi ya ziphaso okha. Mumsewu wonse wa kuseri kwa msika, kuyambira pa owotcherera zitsulo mpaka pa osoka nsapato, ankangowatchula kuti a Zoopsa, ndipo akazi awo, amene sanaopsezepo ngakhale nkhuku, anasanduka Mayi Zoopsa popanda wowafunsa. Ntchito ya bambowa inali yolankhulira anthu a m'mafilimu. Munthu wa dziko lakutali akatsegula pakamwa pa kanema, mawu otuluka ankakhala a bambo ameneyu, m'chinenero choti wonyamula katundu pamsika amve n'kugwedeza mutu. Anagwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi zinayi osasowapo chonena. Ndiye tsoka nalo linasankha pomenya. Akazi awo anagwa ndi sitiroko, dzanja lamanja ndi mwendo zinafooka, ndipo mawu anawathawa onse.

Koma nkhani iyambire pa katoni. Nthawi imeneyo a Zoopsa anali asanakhale a Zoopsa. Ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo ya eni, ndipo mnzawo wina wogulitsa katundu wakale wochokera kunja anapeza katoni ya matepi pansi pa mulu wa makatani. Poona kuti palibe angaifune, anangowasiyira monga munthu amasiyira mnzake mphaka. Munali matepi makumi anayi. Tepi iliyonse inali ndi timafilimu tifupitifupi, pena tisanu ndi titatu, pena khumi, tochokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo tonse tinali ta mizukwa, afiti ndi zinthu zoyenda zokha. Munali ka wometa amene galasi lake linkachedwa kutembenuka iye atatembenuka kale. Munali ka nsomba yomwe inkatsokomola mufiriji. Munali ka telala amene anasoka jekete, jeketeyo n'kuyamba kupita kuntchito mwini wake ali gone. Zolemba za pamakava zina zinali ngati mapazi a nkhuku pamatope, ndipo anthu a m'mafilimumo ankalankhula zinenero zoti a Zoopsa sanazimvepo ngakhale pa wailesi.

Wina akanaitaya katoniyo. Iwo anapeza madeki awiri, makina osewerera matepi aja, anagula maikolofoni n'kuiveka sokosi kuti mpweya usamamveke, n'kudzipangira njira yawoyawo. Kafilimu kalikonse ankakaonera katatu. Koyamba ankaonera kuti aope. Kachiwiri ankayang'ana milomo yokha, kuwerenga kuti pakamwa patseguka kangati. Kachitatu ankanama. Chala chachikulu chili pa kabatani kotsitsira mawu a eni filimu, iwo ankalowetsa awo, ndipo bodzalo linkakwana pamilomo ya munthuyo ngati chivundikiro pa poto wake.

Lamulo lawo linali limodzi: filimu isakhale chete. Tsono anthu opanga timafilimu toopsa amakonda chete, kaya anawalakwira ndani. Mkazi amatha kuima n'kuyang'ana chitseko mphindi ziwiri zathunthu osanena kanthu. A Zoopsa zimenezo sankazilola. Ankati pakakhala zii, munthu amene walowa kudzaonera pa nthawi yopuma amakumbukira kuti abwana akumudikira. Choncho mkazi uja akayang'ana chitseko, iwo ankamuganizira mokweza: "Kodi mpopi uja ndinatseka? Nanga akupumira kuseri kwa chitsekowa ndani, alamu?" Chipinda chonse choonetsera kanemacho chinkafa nalo phwete, ndipo chitsekocho chikatseguka, omwewo ankagwa pamabenchi ndi mantha.

Kufupika kwa timafilimuto ndi kumene kunawakokera anthu. Makanika ankatha kusiya galimoto ili pa jeki, kudzaopa mphindi khumi ndi zisanu, n'kubwerera pansi pa galimoto mtima ukugundabe. Kenako anthu anayamba kubwereka matepi omasuliridwawo kukaonera kunyumba ndi mabanja awo, ndipo Lachisanu lililonse pakhomo pankakhala mzere. Aliyense wobweretsa katundu wakale anauzidwa kuti akaona tepi ya kava yoipa, ya maso ofiira kapena dzanja lotuluka m'dothi, aibweretse. Matepi makumi anayi aja anaswana mpaka kupitirira mazana atatu.

Akazi a m'mafilimu ankawalankhulira ndi Mayi Zoopsa. Poyamba bambowa anayesa kuchepetsa mawu awo omwe, koma zinkamveka ngati mbuzi yomangidwa pakhosi, mpaka tsiku lina mayiwa anaika simbi pansi n'kunena kuti, "Sendererani uko, mukuwachititsa manyazi akazi a eni." Anali ndi mawu onona, odzaza chipinda popanda kukuwa. Akafuna mawu a mzukwa wa m'chitsime ankalowetsa mutu m'ndowa yachitsulo, ndipo mfuu yawo ya m'ndowamo inalepheretsa anthu ambiri kupita okha kubafa. Vuto lawo linali kuseka. Amuna awo akanyanya bodza, mayiwa ankaphulika m'ndowa momwemo.

"Bambo a Chisamba, opani Mulungu! Munthuyu akulira maliro, inu mukuti akufunsa sopo wake?"

Chisamba anali mwana wawo wamkazi, woyamba ndi womaliza yemwe. A Zoopsa sankaseka nawo. Ankadina batani loimitsa, kubweza tepi m'mbuyo, n'kujambula pamwamba pa chisekocho mpaka chifufutike.

"Pano ndi pantchito, mayi. Kuseka tikaseka kunyumba."

Pomwe kunyumba kwakeko kunali kuseri kwa katani yomweyo.

Kenako zinthu zinasintha monga zimasinthira. Kunabwera timbale tonyezimira, kenako mafoni, ndipo munthu anayamba kuyenda ndi mizukwa yake m'thumba. Mabenchi anatengedwa ndi anthu ena otsegula tchalitchi. Matepi anakwera pashelefu m'chipinda cha kumbuyo, pansi pa malata odontha, ndipo a Zoopsa anabwerera ku mawotchi, amenenso anthu anali atasiya kuvala. Pakamwa pokha ndi pomwe sipanatsekedwe. Ankalankhulira agalu okumana pamsewu. Ankalankhulira anthu okangana patali, mpaka oima pafupi kuiwala kukaleretsa. Akazi awo ankangoti, "Awa anameza wailesi, ndipo batani lozimitsira linatsala kunja."

Mayiwa anagwa m'mawa wa Lachiwiri akuyanika zovala, zopanira zili m'manja. Anakhala m'chipatala milungu itatu, n'kubwerera pampando wa matayala. Maso anali awo omwe aja, akuthwa, omva chilichonse. Milomo inkayenda ndithu. Koma chinkatuluka ndi mpweya wokha, pena kaphokoso kakang'ono ka kukhosi.

Tsiku lomwe anafikalo, mayi woyandikana nawo nyumba anabwera kudzazonda. Anagwada pafupi ndi mpandowo n'kuwagwira bondo.

"Mwaswera bwanji, anzanga?"

Milomo ya Mayi Zoopsa inatseguka kanayi. Bambowa anawerenga osadziwa n'komwe kuti akuwerenga.

"Akuti aswera bwino, kaya inu. Akutinso beseni lawo lija mubweze, lakula mokwanira."

Mlendoyo anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo aliyense m'chipindamo anapeza popumira. Nkhani inafala mumsewu kuti a Zoopsa amawamva akazi awo ngakhale opanda mawu. Amayi pampopi ankati chikondi ndi chimenecho, amuna athuwa ngakhale utakuwa samva. A Zoopsa nawo anakhulupirira.

Sinali nkhanza ayi. Anali mantha. Munthu amene zaka zonse anaopseza anzake ndi afiti a m'matepi anapeza chomuopsa iye mwini: chipinda chomwe mkazi wake ali maso koma muli zii. Milomo ya mayiwa ikangoyamba kuvutika, mawu a bambowa ankatuluka okha kudzatseka mpatawo.

Lachinayi lililonse iwo ndi Chisamba ankapita nawo kuchipatala, kwa mayi wina wophunzitsa odwala otere kulankhulanso. Anali wochepa thupi, wosafulumira pa chilichonse. Tsiku lina anaika kapu patebulo.

"Amayi, ichi n'chiyani? Musafulumire."

Milomo inayamba kugwedezeka.

"Akuti kapu," anatero a Zoopsa.

"Ndafunsa amayi, bambo."

"Eya, ndiye ayankha. Pakamwa patseguka kawiri, ndaona ndekha."

Mayi wa kuchipatala uja anachotsa kapu n'kuika kiyi. Zinachitikanso chimodzimodzi. Anaika chipeso. A Zoopsa anayankha milomo isanayambe n'komwe. Pamenepo mayiyo anaika cholembera chake pansi.

"Bambo, ndimvereni bwino. Mawu a akazi anuwa sanafe, ali m'kati. Njira yake ndi imene yagumuka, ndipo woikonza ndi iwo eni, poyesa. Mukamawayankhira asanafike, asiya kuyesa. Miyezi yoyambayi ndiyo yofunika kwambiri. Ikadutsa, zimavuta. Muziwafunsa kenako mudikire, ngakhale mphindi yathunthu."

"Mphindi yathunthu? Osanena kanthu?"

"Osanena kanthu. Muthanso kuwamvetsera nyimbo kapena mawu omwe anawazolowera, ena zimawathandizako. Koma chachikulu ndi kudikira."

Mwa zonsezi a Zoopsa anatolapo chowakomera. Za kudikira zinatsala pabenchi ya chipatala. Anafika kunyumba ndi nkhani imodzi yokha, yakuti adokotala anena kuti mayi akamva mawu awo omwe, achira.

"Sananene choncho, bambo," anatero Chisamba akuwavula amayi ake nsapato. "Ndinalipo ine."

"Iwe unamva ndi makutu a mantha. Mawu a amayi ako ndili nawo m'nyumba muno, matepi mazana atatu. Ndani wina ali ndi mwayi wotere?"

Chisamba anali ndi banja lake kutsidya lina la tauni, ndi ntchito yoluka tsitsi yoimirira tsiku lonse. Analibe mphamvu zokangana. Anangopukusa mutu n'kupita kukatereka madzi.

M'mawa mwake a Zoopsa anatsegula chipinda cha kumbuyo, ndipo fungo linawalandira pakhomo. Matepi anali atachita chuku, choyera ngati ufa, chooneka pa kagalasi ka tepi iliyonse. Zolemba zawo za pamsana, zija ankalemba kuti "Nsomba", "Jekete", "Wometa", zinali zitasukuluka ndi madzi a padenga. Deki imodzi inali itasanduka nyumba ya mphemvu. Inayo anainyamula pamutu kupita nayo kwa mnzawo wokonza mawailesi, amene anaitsegula, kuinunkhiza, n'kudula lamba watsopano kuchokera ku chubu cha njinga.

"Isewera, achimwene," anatero wokonzayo, "koma yakalamba. Mano okha ndi amene yatsala nawo. Tepi iliyonse yolowa umu muzitsanzikana nayo."

Ntchito inayamba. Tepi iliyonse ankaimasula ndi kasikuludiraiva ka mawotchi, kunyowetsa thonje ndi sipiriti, n'kumapukuta riboni pang'onopang'ono uku akuzunguliza ndi chala. Tepi imodzi inkadya theka la tsiku. Sipiriti anawasenda khungu la zala, chuku chinawapatsa chifuwa, maso anafiira. Sankafuna mfuu ya m'ndowa. Ankafuna pamene mayiwa akulankhula ngati iwo eni, akuseka, akuwadzudzula, akuitana Chisamba kuti aphule madzi pamoto. Zoterozo ankazikumbukira zambirimbiri. Ankadziwa ndi malo ake omwe: pamene nsomba ija ikutsokomola kachiwiri, pamene jekete ikukwera basi. Ankangofuna imodzi yokha, ngakhale ya mpweya umodzi.

Nthawi yonseyi Mayi Zoopsa ankakhala m'chipinda cha kutsogolo, mpando utaloza pawindo, popanda wowafunsa kanthu n'kudikira yankho. Bambowa ankasuzumira pakapita nthawi, thonje lili m'manja. Milomo ikayenda, iwo ankati, "Ludzu eti? Ndamva, mayi, ndamva," n'kuthamangira ku ketulo. Mlungu wachisanu ndi chimodzi unadutsa, wachisanu ndi chiwiri unadutsa. Kuchipatala anaphonya kawiri chifukwa tepi ina inali pakati. Milomo ya mayiwa inayamba kuyenda mwa apo ndi apo, ndipo a Zoopsa ankati ndiye kuti akupeza mtendere.

Lamlungu lina masana Chisamba anafika n'kupeza amayi ake atadzinyowetsera pampando, nkhope atayang'anitsa kukhoma ndi manyazi. Pambali pawo panali makapu atatu a tiyi wozizira, ali ndandanda. Anawasambitsa, anawasintha, anakolopa. Atatha anapita kukaima pakhomo la chipinda cha kumbuyo.

"Bambo, amayi akhala chonchi kuyambira nthawi yanji?"

"Chonchi bwanji? Anati tiyi."

"Anati tiyi katatu?"

"Pakamwa panatseguka kawiri. Ndinaona ndekha."

"Kawiri! Mawu otsegula pakamwa kawiri alipo angati padziko pano, bambo? Amayi amafuna kuchimbudzi. Amakupemphani kuyambira m'mawa, inu n'kumawathira tiyi." Chisamba analoza kuchipinda cha kutsogolo. "Awa si anthu anu a m'matepi. Aja munkawanamizira sankakumvani. Awa akumva chilichonse."

A Zoopsa anayang'ana thonje lomwe linali m'manja mwawo.

"Ndatsala pang'ono kuipeza, mwanangu. Ilipo. Akangoimva..."

"Mwezi uno ukatha zinthu zili chonchi, ndidzawatenga. Kwanga n'kopanikiza, koma kuli anthu odziwa kutseka pakamwa."

Kuyambira tsiku limenelo a Zoopsa anagwira ntchito ngati munthu wothamangitsidwa. Anasiya kumeta, anasiya kutsegula tebulo la mawotchi. Deki inadya matepi asanu ndi awiri, kuwatafuna n'kuwalavula ngati matumbo, ndipo iliyonse ikadyedwa iwo ankakhulupirira kuti inali yomweyo. Koma pa matepi opulumuka anayamba kuona chinthu chimodzi chobwerezabwereza. Akafika pamalo paja akukumbukira kuti mayi anaseka, pankamveka ka "kha" kakang'ono, chithunzi n'kugwedezeka pang'ono, kenako mzukwa n'kupitiriza kulankhula bwinobwino. Koyamba anayesa ndi chuku. Kachiwiri anayesa ndi deki. Atakamva kakhumi anazindikira kuti ndi chipsera cha batani lawo loimitsa. Pamene nsomba ikutsokomola kachiwiri, kha. Pamene jekete ikukwera basi, kha. Anali mmisiri wabwino a Zoopsa, wosasiya zinyalala pantchito, ndipo pa zaka makumi awiri ndi zinayi sanaphonye chiseko ngakhale chimodzi.

Anakhala pansi pa simenti, matepi atawazungulira, n'kulira ngati mwana. Anadzida. Anakumbukira chala chawo chikudina batanilo, changu chake, kunyada kwake. M'nyumba monse munali mawu a akazi awo okwana kumvetsera mwezi wathunthu, koma onse anali a mfiti, a mzukwa, a mkazi wothamangitsidwa m'nkhalango. Mkazi amene anakhala naye zaka makumi atatu munalibe.

Munthu wothedwa nzeru samva za mtima wake womwe. Kutatsala masiku atatu kuti mwezi uthe, ananyamula deki ndi kanema kupita nazo m'chipinda cha kutsogolo, n'kutembenuza mpando wa mayiwa. Anasankha tepi yomwe inatuluka yoyera kuposa zonse, ya mkazi wa m'chitsime. Dzuwa linali likulowa pawindo, moti chithunzi sichinkaoneka bwino, koma mawu anatuluka athunthu.

"Ndani wandiitana? Ndani waponya chingwe?"

Anali mawu awo enieni, onona, olira m'ndowa. Mayi Zoopsa anadzidzimuka. Dzanja lamanzere, lamoyo lija, linagwira chitsulo cha mpando mwamphamvu. Anamvetsera mpaka mfuu ija inang'amba chipinda, galu wa oyandikana nawo n'kuyamba kuuwa. Misozi inatsika tsaya limodzi. Milomo inayamba kuyenda, kwa nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Mukukumbukira!" anakuwa a Zoopsa atagwada. "Mukuti mukukumbukira tsiku lija ndowa inakanirira m'mutu! Eti, mayi? Eti?"

Mayiwa anatseka maso. Ngakhale pa tepipo mawu anali awo, zonenazo zinali za amuna awo, zopekedwa pa kuonera kachitatu. Bambowa anaseweretsanso tepiyo kawiri, koma maso aja sanatsegukenso mpaka anazimitsa.

Loweruka m'mawa Chisamba anafika pa galimoto ya hayala. Anapeza amayi ake atasambitsidwa bwino, tsitsi litapesedwa mokhotakhota, atavekedwa diresi la kutchalitchi. Bambo ake anali atameta ndevu mofulumira mpaka kudzicheka pachibwano. Anamuchingamira pakhomo, manja ali pamodzi.

"Mwanangu, usanditengere. Ndasiya. Matepi ndatsekera. Ndimanga pakamwa ndi nsalu, ndithu ndikulumbira. Ukawatenga ine nditsala ndi ndani? Ndidzuka m'mawa kuyang'ana chiyani?"

Chisamba anawayang'ana, ndipo ukali womwe anabwera nawo unachepa. Sanawaonepo bambo ake akupempha.

"Sindinyamula amayi ngati katundu," anatero. "Tiwafunsa okha. Chomwe anene, ndi chomwecho. Koma inu musatsegule pakamwa, bambo. Kaya zitenga mphindi ziwiri, kaya khumi. Mwamva?"

"Ndamva."

Chisamba anagwada kutsogolo kwa mpando n'kugwira dzanja lamoyo lija.

"Amayi, mukufuna kupita nane kwathu, kapena kutsala kuno ndi bambo? Sitikufulumira. Tidikira."

M'chipinda munati zii. Kunja owotcherera zitsulo anali atayamba ntchito, ndipo injini ya galimoto inkalira pang'onopang'ono pamsewu. A Zoopsa anaima kumbuyo kwa mwana wawo, msana uli kukhoma. Anaika chala m'kamwa n'kuchiluma. Milomo ya mayiwa inakumana, inatseguka, inakumananso. Palibe chinatuluka. Anapuma, n'kuyambanso. Mitsempha ya m'khosi inaonekera, thukuta linatuluka pamphumi.

Mphindi inatha. A Zoopsa anali asanakhalepo chete nthawi yaitali chotere ali maso. Anayesa kuyang'ana kudenga kuti asaone milomo, koma maso ankabwerera okha, ndipo m'mutu munali mukuwerenga kale. Yachiwiri inatha. Chisamba sanasunthe, ankangogwedeza mutu pang'ono, kuwalimbikitsa amayi ake.

Kenako kunamveka chinthu. Sunali mpweya uja, sikanali kaphokoso ka kukhosi kaja. Linali liwu lenileni, lotsika, losasa ngati chitseko chomwe chakhala chosatsegulidwa, koma la Mayi Zoopsa ndithu, loyamba pa milungu khumi ndi umodzi. Linatuluka, linaima, linayambanso motalikirapo. Lilime linali likufunafuna pokhala. Mawu anali akubwera, anali pakhomo penipeni.

Pamenepo mantha anawagwira a Zoopsa. Nanga akati apita? Nanga mawu oyamba amene akhala akuwafuna m'matepi mazana atatu akakhala owasiya?

"Akuti atsala!"

Mawuwo anatuluka okha. Bambowa anawamva ngati anenedwa ndi munthu wina, ndipo dzanja linafika pakamwa mochedwa.

Liwu lija linaduka. Milomo ya mayiwa inakhala yotseguka pang'ono, kenako inatsekeka. Chisamba anaweramitsa mutu pa bondo la amayi ake, mapewa akugwedezeka.

"Mayi, pepani," anatero a Zoopsa. "Pitirizani. Sindinanene kanthu. Yambaninso, mayi, chonde. Ndili chete. Taonani, ndili chete."

Mayi Zoopsa anawayang'ana nthawi yaitali. M'maso mwawo munalibe ukali, munali kutopa kokha. Kenako anachotsa dzanja lawo m'manja mwa Chisamba, kulikweza movutikira, n'kuloza kukhomo.

Chikwama ananyamula ndi a Zoopsa omwe. Anaikamo mankhwala, chipeso, juzi ndi kapilo kaja ankawaikira kumsana. Iwo ndi dalaivala anawanyamula mayiwa kuwakhazika pampando wa kumbuyo, mpando wa matayala n'kuupinda kuuika m'buti. Osoka nsapato anaimitsa singano kuyang'ana. Chisamba analowa mbali inayo osawayang'ana bambo ake.

Galasi la mbali ya mayiwa linali lotsitsa. A Zoopsa anaima pomwepo, manja ali lende. Mayiwa anatembenuza mutu kuwayang'ana, ndipo milomo inayamba kuyenda, pang'onopang'ono, popanda liwu. Inayenda nthawi yaitali, ngati munthu amene ali ndi zambiri zoti asiye. Dalaivala, amene sankadziwa za m'nyumbayi, anaona pagalasi lake n'kusuzumira kunja.

"Akuti chiyani amayiwa, bambo? Taiwala kanthu?"

A Zoopsa anayang'ana milomo ija mpaka inaima.

"Sindikudziwa," anatero.

Dalaivala anadikira pang'ono, kenako analowetsa giya.